Kamangidwe ka Khola ndi Bwalo la Nkhuku Kuseri kwa Nyumba, ndi Kaleredwe ka Anapiye

Anthu ambiri amene akuyamba kuweta nkhuku pakhomo amathamangira kugula anapiye, ndipo za khola amaziganizira anapiyewo ali kale m'katoni pakona ya chipinda. Vuto lake ndi lakuti mwanapiye amakula msanga, moti pakatha masabata 4 katoni ija imakhala itachepa, ndipo khola lomangidwa mothamanga ndi limene limadontha, limanunkha, komanso limasiya mipata yolowera zilombo. Choncho khola ndi bwalo lake zithe kaye, malo ofunditsira anapiye akonzedwe, anapiyewo abwere pomaliza. Pomanga musamaganizire za tsiku la dzuwa pamene nkhuku zikupalasa mwamtendere. Muziganizira za usiku wa mvula yamphepo pamene galu wanjala akuzungulira khola, chifukwa usiku woterowo ndi umene umayesa ntchito ya mmisiri.

Zoyenera kudziwa musanakhome msomali

Choyamba ndi chiwerengero cha nkhuku zimene mukufuna, popeza miyeso yonse ya khola imachokera pamenepo. Thadzi la mtundu woikira kwambiri, monga Leghorn, ISA Brown, Rhode Island Red kapena Black Australorp, limatha kuikira mazira 5 kapena 6 pa sabata m'chaka chake choyamba, choncho mathadzi 6 amakwanira banja laling'ono. Nkhuku ndi mbalame yokhala pagulu, ndipo si bwino kuweta zosakwana 3. Tambala ndi wofunika pokhapokha ngati mukufuna mazira oti aswe anapiye, chifukwa mathadzi amaikira ngakhale palibe tambala, ndipo tambala mmodzi amakwanira mathadzi pafupifupi 10. Ngati mukukhala pamalo othinana, fufuzani kaye malamulo a dera lanu okhudza ziweto, ndipo muuzeni mnansi wanu zisanabwere nkhukuzo, pakuti kulira kwa tambala m'bandakucha kumadanitsa anthu.

Malo omangapo akhale okwera pang'ono, pamene madzi a mvula sadikha. Njira yabwino yodziwira ndi kuyendera pabwalo mvula itangosiya, n'kuona pamene madzi aima ndi pamene auma msanga. Khola lilandire dzuwa la m'mawa, limene limaumitsa pansi, koma likhale ndi mthunzi masana, ndipo mbali yake yotseka iyang'ane kumene mphepo yamphamvu imachokera. Lisayandikire chitsime kapena pophikira, komanso lisatalikire nyumba mpaka kufika poti simungamve nkhuku zikamalira usiku.

Miyeso ndi pansi pa khola

M'kati mwa khola, nkhuku zitatu zazikulu zimafunika malo a sikweya mita imodzi, ndipo m'bwalo la kunja nkhuku iliyonse imafunika sikweya mita imodzi kapena kuposerapo. Kwa mathadzi 6, khola la mita 1.5 m'litali ndi mita 1.5 m'lifupi, lolumikizana ndi bwalo la mamita 3 m'litali ndi mamita 2 m'lifupi, ndi lokwanira. Ngati malo alipo, kulitsani kuposa pamenepa, chifukwa nkhuku zothinana zimajomphana, zimazulana nthenga, zimadya mazira, ndiponso zimapatsirana matenda mofulumira. Bwalo likhale lalitali mokwanira kuti munthu aziimirira m'kati mwake, ndiko kuti mamita 1.8 kapena 2. Mfundo imeneyi imaoneka yaing'ono, koma khola limene munthu amalowamo chowerama silisesedwa kawirikawiri, ndipo mwiniwake amayamba kupeza zifukwa zozengerezera.

Pansi pa khola pali njira ziwiri zodalirika. Yoyamba ndi kuwaka pansi ndi simenti, motsetsereka pang'ono kulowera kukhomo kuti madzi otsukira azituluka okha. Yachiwiri ndi kukweza khola pa nsichi zotalika masentimita 60 kapena kuposerapo, n'kuyala matabwa olimba pansi pake, ndipo kunsi kwake kumasanduka mthunzi wa nkhuku masana. Chimene muyenera kupewa ndi khola lokwezedwa pang'ono chabe, mwina masentimita 15, chifukwa kampata kamdima kameneko kamakhala nyumba ya makoswe ndi njoka, ndipo inu simungathe kupisamo tsache. Pansi padothi ndi posavuta kukonza, koma makoswe amakumba mauna, chinyezi chimakwera, ndipo majeremusi sachoka ngakhale mutasesa bwanji. Nsichi zikhale za mitengo yothiridwa mankhwala oteteza ku chiswe, kapena zikhazikidwe pa njerwa ndi simenti kuti zisakhudze dothi.

Mpweya, denga ndi chinyezi

Pano ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, ndipo amalakwitsa chifukwa cha chifundo. Poopa kuti nkhuku zizizidwa, amatseka khola mbali zonse ngati bokosi, osadziwa kuti nkhuku yaikulu imapirira kuzizira kuposa mmene imapiririra kutentha ndi chinyezi. Thupi la nkhuku limatentha pafupifupi madigiri 41, lili ndi nthenga, ndipo silituluka thukuta, moti ikatenthedwa imangoyasamula kukamwa n'kumapuma wefuwefu itatambasula mapiko. Usiku wonse nkhuku zimatulutsa nthunzi popuma, zimachita zitosi zambiri zili pa mitengo yogonapo, ndipo zitosi zonyowazo zimatulutsa mpweya wa amoniya umene umawononga maso ndi njira zopumira. Nkhuku yokhala mu mpweya wotero imagwidwa chimfine mosavuta, ndipo mwiniwake amangogula mankhwala osadziwa kuti vuto lili m'kamangidwe.

Choncho siyani mawindo aatali pamwamba pa makoma, pansi penipeni pa denga, mbali ziwiri zoyang'anizana, ndipo muwatchinge ndi waya wolimba. Chofunika ndi chakuti mawindowo akhale pamwamba pa mitu ya nkhuku zikagona, kuti mpweya wotentha ndi wonyowa uzitulukira m'mwamba koma mphepo isamaombe nkhuku mwachindunji. Kumadera otentha kwambiri, khoma limodzi lonse likhoza kukhala la waya, n'kukhala ndi chiguduli kapena lona wotsitsa pa nthawi ya mvula yamphepo. Denga litulukire kunja kwa makoma masentimita 40 kapena 50 kuti mvula isalowere pa mawindo. Malata amakhalitsa, koma amatentha kwambiri masana, choncho akwezedwe bwino, ndipo ngati n'kotheka pansi pake payalidwe matabwa opyapyala kapena pamwamba pake papakidwe penti yoyera. Pofuna kudziwa ngati mpweya ukuyenda bwino, lowani m'khola m'mawa musanatsegulire nkhuku, mugwade kuti mphuno yanu ifike pamene pamakhala mitu yazo. Mukamva fungo lolasa m'mphuno kapena kuyabwa m'maso, kapena mukaona madontho a madzi kunsi kwa malata, ndiye kuti mawindo achepa kapena zoyala pansi zanyowa.

Zoyala pansizo zikhale utuchi wokhakhala wa matabwa, mankhusu a mpunga kapena udzu wouma wodulidula, zochindikala masentimita 8 mpaka 10. Ntchito yake ndi kuyamwa chinyezi cha zitosi. Muzizitembenuza ndi fosholo, muzichotsa msanga pamene panyowa, makamaka mozungulira chomwera, ndipo mukazifumbata m'manja n'kugwirana ngati dothi loumbira, nthawi yozisintha yakwana. Zochotsedwazo ndi manyowa amphamvu, koma ziunjikidwe kaye kwa miyezi ingapo kuti ziwole, chifukwa zitosi zaziwisi zimawotcha mbewu.

Mitengo yogonapo, zisa ndi zitseko

Nkhuku mwachibadwa imafuna kugona pamalo okwera. Pingasani mtengo wosalala wochindikala pafupifupi masentimita 5, pa utali wa masentimita 50 mpaka 90 kuchokera pansi, ndipo nkhuku iliyonse ipeze malo a masentimita 25. Chitsulo ndi paipi ya pulasitiki si zabwino chifukwa zimaterera. Mitengoyo ikhale yotheka kuchotsa, popeza m'ming'alu ya kumapeto kwake ndi mmene mumabisala nthata zofiira zimene zimatuluka usiku kukayamwa magazi a nkhuku, ndipo masana simungazione pa thupi la nkhukuyo.

Chisa chimodzi chimakwanira mathadzi 4 kapena 5. Chikhale bokosi la masentimita 30 mbali zonse, loikidwa pamalo amdima pang'ono, lokhala ndi kathabwa kutsogolo kotchinga udzu ndi mazira kuti zisagwe. Zisa zikhale zotsika kuposa mitengo yogonapo, chifukwa zikakhala pamwamba nkhuku zimagona m'menemo ndipo mazira amadetsedwa ndi zitosi. Zitseko zikhale ziwiri: chachikulu cholowera munthu, ndi kakang'ono ka masentimita 30 m'lifupi ndi 35 m'litali kotulukira nkhuku kupita m'bwalo. Zonse zikhale ndi loko kapena bawuti yolimba, osati kamtengo kongotsamiritsa.

Waya ndi zilombo

Waya wopyapyala wa timaenje ta makona 6, amene amagulitsidwa ndi dzina loti waya wa nkhuku, ntchito yake ndi kuletsa nkhuku kutuluka, koma saletsa zilombo kulowa. Galu kapena nkhandwe imam'ng'amba ndi mano, khoswe ndi njoka zimadutsa pa timaenje take, ndipo akakhudza dothi amachita dzimbiri msanga. Waya woyenera ndi wowotcherera, wa timaenje ta makona 4 totalika mamilimita 12 kapena 13. Ndi wokwera mtengo, koma m'kuona kwanga ndi chinthu chimodzi pa khola lonse chimene sichiyenera kuumiridwa. Ngati ndalama sizikulola kuzunguliza bwalo lonse, muikeni pa mawindo onse a khola ndiponso pa mita imodzi ya m'munsi mwa mpanda, ndipo waya wamba apite m'mwamba. Mukhomereni ndi misomali yopinda pa masentimita 10 kapena 15 alionse, kapena mumupanikize pakati pa nsichi ndi kathabwa, chifukwa chilombo sichiboola pakati pa waya koma chimafufuza m'mphepete pamene wakhomedwa mofooka. Mukamaliza, yenderani khola lonse mukupisa chala m'mipata ya pakati pa denga ndi khoma ndi ya m'mbali mwa zitseko, pokumbukira kuti khoswe wamng'ono amadutsa pa mpata wa masentimita 2 okha.

Zilombo zina zimakumba. Mukhoza kukwirira waya pansi mozama masentimita 30 kuzungulira bwalo, koma njira yosavuta ndi kuyala waya chogonetsa kunja kwa mpanda, kutulukira masentimita 40 kapena 50, kumulumikiza ndi m'munsi mwa mpandawo, n'kumufotsera ndi dothi kapena miyala. Galu amayamba kukumba pa tsinde penipeni pa mpanda, akakumana ndi waya amasuntha chammbali n'kukumananso naye, ndipo nzeru yobwerera m'mbuyo kuti akayambire patali simufikira. Pamwamba pa bwalo patchingidwenso ndi waya kapena ukonde kuopa akabawi, mphamba ndi akadzidzi, komanso kuti mbalame zakutchire zisamadye ndi kumwa pamodzi ndi nkhuku, popeza zimafalitsa matenda monga chimfine cha mbalame. Gawo lina la bwalo lifoleredwe ndi malata kuti pakhale pouma poikapo chodyera, ndiponso posambira fumbi. Thirani dothi louma losakaniza ndi mchenga ndi phulusa la nkhuni m'tayala lakale kapena m'bokosi, ndipo nkhuku zizigudubuzikamo pochotsa nsabwe ndi utitiri.

Ngakhale bwalo litalimba chotani, nkhuku zizitsekeredwa m'khola dzuwa likangolowa, tsiku lililonse. Nkhuku siona bwino mumdima, ndipo ikagona sithawa ngakhale chilombo chitaima pambali pake.

Malo ofunditsira anapiye

Dzira la nkhuku limaswa pakatha masiku 21, ndipo mwanapiye amene watuluka satha kusunga yekha kutentha kwa thupi lake mpaka atamera nthenga. Ngati pali thadzi lofungatira, ilo limagwira ntchito yonseyo, ndipo inu mumangolipatsa malo akeake otetezeka. Koma anapiye a tsiku limodzi ogula kwa oswetsa mazira alibe make, choncho make ndinu.

Konzani malo ozungulira ngati nkhokwe, otchingidwa ndi makatoni olimba kapena pulayiwudi wopyapyala wotalika masentimita 50, m'chipinda chosalowa mphepo, amphaka ndi makoswe. Akhale ozungulira chifukwa anapiye akachita mantha kapena akazizidwa amaunjikana pakona, ndipo apansi amafa chifukwa chobanika. Sikweya mita imodzi imakwanira anapiye pafupifupi 20 m'masabata 2 oyamba, kenako malowo azikulitsidwa. Pansi yalani utuchi wokhakhala, koma osati wosalala ngati ufa umene anapiye amadya poganiza kuti ndi chakudya. Musayale nyuzipepala yokha kapena pulasitiki, chifukwa mwanapiye amaterera, miyendo yake imatang'adza, ndipo akhoza kupunduka mpaka kalekale.

M'sabata yoyamba kutentha kukhale madigiri 32 mpaka 35, poyeza pa msinkhu wa msana wa mwanapiye, ndipo sabata iliyonse kuzitsitsidwa ndi madigiri 3 mpaka anapiye atamera nthenga thupi lonse, zimene zimachitika pa masabata 6 kapena kuyandikira pamenepo. Chotenthetsera chiikidwe mbali imodzi, osati pakati pa malo aang'ono, kuti mwanapiye amene watenthedwa apeze kothawira. Chiyatsidwe maola angapo anapiye asanafike kuti utuchi ufunde. Babu lotenthetsera lipachikidwe ndi tcheni, limangidwe malo awiri, ndipo litalikire utuchi pafupifupi masentimita 45, chifukwa babu lotero likagwera pa utuchi wouma moto wake sutenga nthawi. Dziwaninso kuti mababu a LED amawala koma satenthetsa, ndipo pa ntchito imeneyi sathandiza. Kumene kulibe magetsi anthu amagwiritsa ntchito makala mu mbaula kapena mu mphika wadothi. Makalawo ayatsidwe panja mpaka utsi utatha, atchingidwe ndi waya kuti anapiye asapse, ndipo chipindacho chikhale ndi polowera mpweya, chifukwa makala amatulutsa mpweya wosaoneka ndiponso wosanunkha umene umapha anapiye ndi anthu omwe. Magetsi akazima mwadzidzidzi, mabotolo a madzi otentha okulungidwa m'nsalu amapulumutsa anapiye mpaka kuche.

Chipangizo choyezera kutentha ndi chothandiza, koma anapiye eniake amanena zoona kuposa chipangizocho. Akaunjikana pansi pa babu n'kumalira mokuwa, akuzizidwa. Akathawira m'mphepete, atatambasula mapiko ndi kuyasamula kukamwa, atenthedwa. Akasonkhana mbali imodzi yokha ngati akubisalira chinachake, pali mphepo imene ikulowera mbali inayo. Akamwazikana ponseponse, ena akudya, ena akumwa, ena atagona chafufumimba n'kumalira motsitsa, ndiye kuti zonse zili bwino, ndipo musasinthe kanthu ngakhale chipangizo chitanena zina. Muziwayendera makamaka pakati pa usiku ndi m'bandakucha, pamene kumazizira kwambiri, chifukwa anapiye ambiri amene amapezeka atafa m'mawa amakhala ataonedwa komaliza madzulo kukadali kofunda.

Madzi ndi chakudya

Mwanapiye asanaswe amamezera m'mimba mwake yolki, gawo lachikasu la m'kati mwa dzira, ndipo imeneyi imamusunga kwa masiku 2 kapena 3, n'chifukwa chake anapiye amatha kuyenda ulendo wautali osadya. Komabe amafika ali ndi ludzu, choncho madzi ayambe, chakudya chitsatire. Tengani mwanapiye aliyense, mumuviike mlomo m'madzi ofunda pang'ono mpaka ameze, kenako mumuike pafupi ndi chotenthetsera. Chomwera chikhale chosazama, ndipo m'sabata yoyamba muikemo timiyala totsuka bwino, chifukwa mwanapiye amamira m'madzi ochepa kwambiri, ndipo akangonyowa amazizidwa n'kufa. Madzi asinthidwe tsiku lililonse, ndipo anapiye akamakula chomwera ndi chodyera zizikwezedwa kufika pa msinkhu wa msana wawo kuti asamathiremo utuchi.

M'masiku 2 oyamba wazani chakudya pa katoni yoyala pansi kuti achione ndi kumva phokoso la anzawo akujompha. Pakatha maola 24, gwirani anapiye angapo n'kukhudza chithokomiro, kathumba ka m'munsi mwa khosi kamene chakudya chimafikira poyamba. Chikakhala chodzaza ndi chofewa, mwanapiyeyo wadya ndi kumwa. Chikakhala cholimba, wadya koma sanamwe, ndipo chikakhala chopanda kanthu, sanapeze chakudya ndipo ayenera kuthandizidwa.

Kuyambira tsiku loyamba mpaka masabata 6 kapena 8, anapiye adye chakudya chawo chapadera chimene chimagulitsidwa ndi dzina loti chick mash kapena starter, chokhala ndi mapuloteni 18 mpaka 20 peresenti. Kuchokera pamenepo mpaka masabata 18 adye chakudya cha nkhuku zokulirapo chotchedwa growers, chimene mapuloteni ake ndi 15 kapena 16 peresenti. Chakudya cha nkhuku zoikira, chotchedwa layers, musawapatse anapiye ngakhale chitakhala chokhacho chimene muli nacho, chifukwa chili ndi kashiamu wambiri, pafupifupi 4 peresenti, wopangira zikamba za mazira, ndipo kashiamu wochuluka chotero amawononga impso za nkhuku yosayamba kuikira. Posintha chakudya, sakanizani chakale ndi chatsopano kwa masiku angapo. Chimanga chogaya chokha chimakhutitsa koma sichikulitsa mwanapiye, popeza mapuloteni ake ndi ochepa. Masamba ndi tizilombo zikhoza kuyamba pang'onopang'ono pakatha masabata 2, koma pamenepo muwapatsenso mchenga wokhakhala, chifukwa nkhuku ilibe mano ndipo imapera chakudya ndi timiyala m'nthutumba. Chakudya chisungidwe pouma, m'chidebe chachitsulo chovundikira, ndipo chimene chachita chuku chitayidwe.

M'sabata yoyamba muziona kumbuyo kwa mwanapiye aliyense. Nthawi zina chitosi chimauma n'kutseka potulukira, makamaka ngati anapiye anazizidwa kapena kutenthedwa pa ulendo, ndipo chikasiyidwa mwanapiyeyo amafa. Chifewetseni ndi kansalu konyowetsa m'madzi ofunda, musachizule chouma, ndipo mwanapiyeyo aume bwino asanabwerere kwa anzake.

Matenda ndi katemera

Chitopa, chimene ena amati chideru, ndi matenda oopsa kwambiri pa onse. Chinadziwika koyamba mu 1926 pachilumba cha Java ndi mumzinda wa Newcastle upon Tyne ku England, ndipo dzina lake la m'mabuku, loti Newcastle, linachokera ku mzinda umenewo. Nkhuku yodwala imagwetsa mapiko, kumene alimi amati kuvala jekete, imapuma movutika, imachita chitosi chobiriwira, ndipo ina imapindika khosi. Chitopa chimayamba ndi kachilombo ka mtundu wa vairasi, choncho chilibe mankhwala ochiza, ndipo chikhoza kumaliza khola lonse m'masiku ochepa. Chitetezo chake ndi katemera, monga wa La Sota, kapena wa I-2 amene anapangidwa ku University of Queensland ku Australia kuti azipirira kutentha, amene amadonthezedwa m'diso ndipo amabwerezedwa pa miyezi 4 iliyonse. Matenda a Gumboro, amene dzina lawo linachokera ku dera la Gumboro ku Delaware m'dziko la America, amagwira kwambiri anapiye a masabata 3 mpaka 6 ndipo amawononga chitetezo cha m'thupi, choncho katemera wake amaperekedwa nthawi imeneyo isanafike. Katemera wa matenda a Marek amabayidwa pa tsiku loyamba kumene anapiye anaswera, ndipo ndi bwino kufunsa wogulitsa ngati anabayidwa kale. Masiku enieni operekera katemera amasiyana malinga ndi mtundu wake, choncho tsatirani zolembedwa pa botolo ndi malangizo a mlangizi wa ziweto.

Katemera amalephera kawirikawiri chifukwa cha kasungidwe ndi kaperekedwe. Asungidwe pozizira, asaone dzuwa, ndipo aperekedwe kwa nkhuku zathanzi zokha. Ngati ndi wothira m'madzi, madziwo akhale opanda kolorini, anapiye amanidwe madzi kwa ola limodzi kapena awiri kuti amve ludzu, ndipo amwe n'kumaliza pasanathe maola 2.

Matenda a m'matumbo otchedwa coccidiosis ndi amene amasonyeza bwino kuti khola ndi thanzi la anapiye ndi chinthu chimodzi. Tizilombo take timatuluka ndi zitosi, timakhwima mu utuchi wonyowa ndi wofunda, ndipo anapiye amatijomphanso. Mwanapiye wodwala amanyentchera, amaima ataziya, ndipo nthawi zina chitosi chake chimakhala ndi magazi. Mankhwala monga amprolium amachiza akaperekedwa msanga, koma utuchi ukapitiriza kunyowa matendawo amabweranso. Nkhuku iliyonse yodwala ipatulidwe tsiku lomwelo, yakufa ikwiriridwe mozama kapena iwotchedwe, ndipo nkhuku yatsopano yochokera kwina isungidwe payokha kwa masabata 3 kapena 4 isanasakanizidwe ndi zanu. Alendo asamalowe m'khola mwachisawawa, chifukwa majeremusi amayenda pa nsapato. Aliyense amene wagwira anapiye asambe m'manja ndi sopo, ndipo ana aang'ono asamawaike kukamwa, popeza mwanapiye wooneka wathanzi akhoza kukhala ndi majeremusi a salmonella amene amatsegula m'mimba.

Kusamukira m'khola ndi mazira oyamba

Anapiye akamera nthenga thupi lonse, yambani kuzimitsa chotenthetsera masana, kenako usiku, ndipo akakhala masiku angapo osaunjikana asamutsireni m'khola. Atsekereni m'kati kwa masiku 3 kapena 4, chakudya ndi madzi zili momwemo, kuti adziwe kuti kwawo ndi kumeneko, kenako muwatsegulire kukhomo kwa bwalo. Madzulo oyamba ena amagona pansi pakona kapena panja penipeni, choncho muziwanyamula kukada n'kuwaika pa mtengo wogonapo mpaka atazolowera. Zisa zitsekedwe kaye pa nthawi imeneyi kuti asaphunzire kugonamo. Ngati m'kholamo muli kale nkhuku zazikulu, zazing'onozo zikhale kuseri kwa waya kumene zingaonane popanda kukhudzana kwa sabata imodzi kapena awiri, ndipo zisakanizidwe zikayandikira msinkhu wa zazikuluzo. Kujomphana pang'ono kumachitika ndithu pamene zikupimana mphamvu, koma ikani zodyera ndi zomwera ziwiri motalikirana kuti yaukali isatchingire zinzake, ndipo imene yatuluka magazi ichotsedwe msanga, chifukwa nkhuku zikaona pofiira zimajompha osaleka.

Misoti ya mitundu yoikira kwambiri imayamba kuikira pa masabata 18 mpaka 22, ndipo ya mitundu ina imachedwerapo. Nthawi ikayandikira nkhope imafiira, msoti umayamba kusuzumira m'makona, umanyonyomala mukautambasulira dzanja, ndipo mafupa awiri a kumbuyo amatalikirana moti zala ziwiri zimakwana pakati pake. Pamenepo tsegulani zisa, yalanimo udzu wouma, muikemo dzira lonamizira la mtengo kapena mwala wosalala kuti misoti idziwe poikira, ndipo yambani kusintha chakudya kupita ku layers. Thadzi loikira limadya magalamu 110 mpaka 120 pa tsiku, limamwa madzi olemera pafupifupi kuwirikiza kawiri chakudyacho, ndipo kukatentha limamwa oposa pamenepo. Likasowa madzi kwa tsiku limodzi lokha, kuikira kumatsika kwa masiku angapo. Limafunanso kuwala kwa maola 14 mpaka 16 pa tsiku kuti liziikira mosadumphitsa, n'chifukwa chake mazira amachepa m'nyengo imene masana afupika.

Mazira oyamba amakhala aang'ono, ena amatuluka ndi chikamba chofewa, ena ndi yolki ziwiri, ndipo zimenezi zimatha zokha pakapita masabata angapo. Zikamba zofewa zikapitirira, ikani zigoba za nkhono kapena zikamba za mazira zowamba ndi zosinja m'kambale kapadera kuti thadzi lofuna kashiamu lizidya lokha. Popeza dzira limatenga maola pafupifupi 25 kuti lipangike, thadzi limaikira mochedwerapo tsiku lililonse mpaka kudumphitsa tsiku limodzi, choncho muzitolera mazira kawiri, chakum'mawa ndi chakumadzulo, asanasweke m'chisa ndi kuphunzitsa nkhuku kuwadya.